Madontho a pa Mtsetse wa kwa a Yotamu

Tadala, tabwera nalo kuno bukulo, usalinyowetse ndi misozi. Chifikireni kuno kutchuthi ukungoluma pensulo ngati nzimbe, ati magalafu a fizikisi akukuzunguza mutu. Magalafu! Ana inu mulibe manyazi. Mdzukulu wa ine, munthu amene ana a sukulu a kwa Zulu ankanditchula kuti a Velosite, ndiye kuti a Liwiro m'Chingerezi cha fizikisi, n'kumalira ndi kamzere kokhota? Iwe Yamikani, ika pansi foniyo, nkhaniyi ikukukhudza nawenso. Mizere imeneyi inatsala pang'ono kupha ukwati wa bambo anu ndi mayi anu usanayambe n'komwe, ndipo bwenzi lero ndikuyankhula ndi mipando.

Ine fizikisi ndinaiphunzira ku sukulu ya mishoni kwathu ku Ntcheu, nthawi ya chipani chimodzi, tikuvala makabudula owumitsa ndi simbi ya makala. Kunali labu yeniyeni. Munali kamakina ka magetsi kogogoda pa kapepala kakatali ngati lamba. Kapepalako tinkakamangirira ku kangolo ka matayala, ndiye kangoloko kakamayenda, makina aja ankasiya timadontho papepalapo. Kangolo kakamayenda liwiro limodzimodzi, mipata ya timadontho inkafanana. Kakamawonjeza liwiro, mipata ija inkakulirakulira. Basitu, Tadala, chimene ukulirira iwecho chagona pamenepo.

Matipate atabwera, sukulu zinamera ngati bowa. Ine anandichotsa pa Boma, pomwe ndinali nditazolowera tiyi wa mkaka ndi nyuzipepala, n'kunditumiza ku sekondale yoyendera, m'kati mwa midzi ya kwa Zulu. Agogo anu aakaziwa analira m'lole njira yonse, atakumbatira poto. Musaseke, mayi a Limbani, munalira. Kusukuluko magetsi kunalibe, ndipo labu yake inali katoni imodzi pansi pa tebulo la ahedi: munali maginito, galasi long'aluka ndi mphemvu.

Ndinayesa kuphunzitsa ndi pakamwa. Ndinkati, "Mwakwerapo minibasi ya pa Boma yopita ku Lilongwe? Ikamanyamuka msana umakanirira ku mpando, kumeneko ndiye kuwonjeza liwiro, akiselereshoni. Kondakitala akaona munthu m'mbali mwa msewu n'kumenya chitseko, nonse mumakapsompsona makosi a anthu a kutsogolo, kumeneko ndiye kuchepetsa liwiro." Ana ankaseka mpaka kugwa pa njerwa zomwe ankakhalira. Koma ndikati jambulani galafu ya liwiro ndi nthawi, kalanga ine! Ankajambula phiri. Wina anajambula phiri, pamwamba pake n'kuikapo minibasi, kondakitala ali lende pachitseko. Iwo ankayesa kuti galafu ndi chithunzi cha msewu. Usiku sindinkadya bwino nazo zimenezi.

Tsono m'zaka zomwezo bambo anu Limbani anali atatha sukulu, akuthandiza pa chigayo, ndipo maso awo anagwa pa Esinati, mayi anuwa. Esinati anali mwana wa a Yotamu, agogo anu a kuchikazi aja, inu munawapeza atakalamba kale akungokupatsani mtedza wokazinga. Nthawi imeneyo anali chimunthu, mlimi wa fodya ndi mtedza, mkulu wa mpingo, mawu ngati ng'oma. Nyumba yawo inali kumunsi kwa sukulu. Kuchoka pa bwalo la mpira, njira inkangotsetsereka osakhota mpaka pakhomo pawo. Ankhoswe anali atakambirana zonse, tambala ndi thadzi zitagulidwa, chinkhoswe chili Loweruka lotsatira. Limbani ankayenda akuimba mluzu ngakhale popita kuchimbudzi.

Sabata yomweyo nzeru inandifikira. Ndinati ngati kamakina ka azungu kulibe, ndipanga kanga. Ndinatenga chitini cha mafuta ophikira, n'kuchiboola pansi ndi msomali, n'kuthiramo oyilo wakuda wotha ntchito wa kuchigayo. Oyilo ankatuluka msanga, ndiye ndinang'amba kansanza kofiira pa diresi lakale la agogo anuwa n'kutsekera pabowo, mpaka anayamba kudontha bwinobwino, do, do, do, mosadukiza ngati wotchi. Chitinicho ndinachimanga ndi waya pa kaliyala ya njinga yanga. Njinga imeneyo ndinaigula kutsidya, ku Chipata, masiku amene aliyense wokhala ndi miyendo ankadutsa pa boda kukatenga kanthu. Inali yokongola, ya belu lolira bwino. Mabuleki okha ndiwo ankagwira akafuna.

Linali tsiku la msonkhano wa kampeni. Mudzi wonse unali utakhamukira ku msika kukavina ndi kulandira nsalu za chipani. Masiku amenewo munthu ankavina kwa chipani ichi m'mawa, madzulo kwa chinacho, kuti apeze nsalu yofunda ndi yoberekera mwana. M'njira munalibe munthu, ndipo ine ndinati mwayi ndi umenewu.

Ndinayamba pa bwalo la mpira, ndikupalasa mofatsa, ana a Fomu 3 akuthamanga pambuyo. Madontho anagwa motalikirana mofanana pa dothi lofiira lija, ngati mapando a chimanga. Kenaka ndinaima pamwamba pa mtsetse, ndinati, "Tsopano sindipalasa. Penyani!" Ndinanyamula miyendo.

Poyamba zinali zokoma, kamphepo kakundipita m'makutu. Pofika pa mtengo wa mango tayi yanga inali ikuuluka kumsana. Ndinagwira mabuleki, mabuleki ati sitikukudziwani. Ndinalowa pabwalo la a Yotamu ngati mphenzi, nkhuku balala, n'kukadziponya mu mulu wa makoko a mtedza pafupi ndi chigafa cha fodya. Phii! Oyilo wotsala anakhuthukira pakhomo penipeni, chitini chinaduka n'kugubudukira sindikudziwa kuti. Ndinadzuka, n'kudzisasa, n'kuyang'ana uku ndi uku. Pakhomo panali zii, mbuzi yokha ikundiyang'ana.

Koma ana inu, madonthowo! Kumtunda anali pafupipafupi, kutsika pang'ono akutalikirana, kumunsi mipata yake munthu kuchita kulumpha. Tinayeza ndi chingwe, tikukhoma tizikhomo pa dontho lililonse. Mpata uliwonse unkaposa unzake wa m'mbuyo ndi muyeso wofanana. Ndinapita kunyumba ndikutsimphina koma mtima uli mbee. Chitini chija ndinachiiwala.

Kutacha kawiri, amalume ake a Limbani, omwe anali ankhoswe athu, anafika nkhope ili gwaa, osalandira ndi mpando womwe. "Alamu, mwachita chiyani kwa a Yotamu? Atumiza mawu kuti Loweruka tisayerekeze kupondako. Ukwati watha."

Nkhani yake inali iyi. Anthu pobwera ku msonkhano anapeza mzere wa madontho akuda bii, wochokera kumtunda kwa mlendo wa ku Ntcheu, wolunjika pakhomo pa a Yotamu, uli ndi zikhomo m'mbali. Pakhomo panali chithaphwi chakuda. Pansi pa nkhokwe anapeza chitini chonona, chomanga ndi waya, chili ndi kansanza kofiira. Inu a matauni simungamve. Kumudzi mwana aliyense amadziwa kuti munthu akakutchera mankhwala panjira, iwe n'kudumphapo, mwendo umatupa. A Yotamu anali atadumpha mzerewo asanauone, ndipo m'mawa mwake katumba ka mwendo wawo wamanja kanali ndi, kutupa ngati dzungu. Banja lonse linasiya njira ija, linkazungulira m'munda mwa chinangwa popita kuchitsime.

Limbani anasiya mluzu, anasiyanso kudya. Anangokhala kuseri kwa nyumba akuyang'ana pansi. Mtima unandipweteka, ana inu, chifukwa mnyamata ameneyu Esinati ankamukonda zenizeni. Agogo anuwa ndiye anandiyatsira moto. "Bambo a Limbani, anzanu amaphunzitsa ndi choko, inu mpaka diresi langa? Pitani mukakonze. Mukalephera mukagone konko m'makoko mwanumo."

Mwa mwambo, bambo wa mnyamata sapita yekha kukayankhula kuchikazi, zimenezo ndi za ankhoswe. Koma apa mfiti yake ndinali ine, ndiye tinapita tonse: ine, ankhoswe ndi agogo anuwa. Tinapeza anthu adzaza pabwalo, a Yotamu atakhala pa mpando wa ndalema, mwendo atausanjika pa mtondo. Chitini chija chinali pakati pa bwalo, atachivundikira ndi dengu.

Ndinapereka moni mwaulemu, n'kufotokoza kuti zonsezo zinali za kusukulu.

"Aphunzitsi," anatero a Yotamu, "ine ndine mkulu wa mpingo. Za nyanga sindizikhulupirira ngakhale pang'ono. Koma mwendo wangawu sunalowe kalasi ya ubatizo, umangoona zomwe waona."

"Ndi oyilo wa kuchigayo chabe, bambo."

"Oyilo amayenda yekha? Ine ndatsata mapazi a chinthu chanucho, ndikukwawa m'mbali ndi ndodo. Kumtunda chinkanyang'ama, timapazi pafupipafupi ngati nkhuku. Pakati chinayamba kutambasula. Pa mango paja chinali chikulumpha. Ndipo sichinkalumpha chisawawa ayi, kulumpha kulikonse kunkaposa kunzake ndi muyeso umodzimodzi. Tandiuzani, ndi nyama yanji imayenda choncho? Chimenecho chinkakonzeka kuuluka."

Ana inu, zaka zonse zija ndikukuwa m'kalasi, panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene ananenapo zimenezi momveka chotero. Ndinaiwala kuti ndili pa mlandu. Ndinadzambatuka n'kuwomba m'manja. "Mwakhoza, bambo! Ndi zomwezo! Ndi zimene ndinkafuna kuti zichitike!"

Bwalo lonse linati, "Hiii! Wavomera!"

Pofuna kukonza, ndinatola kamtengo n'kugwada pansi. Ndinalemba mzere woimirira, wa mtunda, ndi wina wogona, wa nthawi, n'kukokapo mzere wokhota wokwera m'mwamba. Ndisanayambe galafu yachiwiri, mayi wina anakuwa, "Akutcheranso! Onani njoka yadzutsa mutu!" Amayi ananyamula ana awo, anyamata anakwera pa ngolo, agogo anuwa ananditsina m'nthiti mpaka lero chipsera chilipo. Ankhoswe athu anangogwira kumutu.

Amene anatipulumutsa ndi mayi anu. Anali pakhomo la khitchini maso ali psuu ndi kulira. Anabwera, n'kugwada patali pang'ono ndi bambo awo, n'kunena motsitsa mawu, "Ababa, ngati ndi za kusukulu, abwereze inu mukuona. Za usiku sizichitika kawiri masana."

A Yotamu anasisita mwendo. Kenaka anati, "Chabwino. Koma njinga ikhale yanga, chitini changa, oyilo wanga wa ku ngolo, nsanza yanga. Ndipo ine ndikhala pa kaliyala, chitini chili m'manja mwangamu. Chikauluka, tiulukire limodzi."

Anawakweza pa ngolo mpaka kumtunda, mudzi wonse ukutsatira kudzera m'chinangwa. Ana a sukulu anandanda m'mbali mwa njira. Ine ndinakhala pachishalo, a Yotamu kumbuyo, mwendo wotupa atautambasulira kumbali, njinga ikulira ndi kulemera. Anandinong'oneza kuti, "Ndi thupi langali tiyenda pang'onopang'ono, eti?" Ndinati, "Ayi bambo, mtsetse susankha wonenepa kapena wowonda." Sanandikhulupirire. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa za oyilo, ndinafunsa za nsanza, koma za mabuleki sindinafunse.

Tinanyamuka. Do, do, do. "Mwaona, palibe chikuchitika," anatero a Yotamu, akukwezera anthu dzanja ngati phungu. Tinapitirira pang'ono, dzanja lija linatsika n'kugwira lamba wanga. Pofika pa mango, chipewa chawo chinapita. Ndinafinya zogwirira mabuleki, ndinangomva zili lobodo, zopanda ndi waya womwe.

"Bambo, mabuleki ali kuti?"

"Ndi chidendene! Ndimaponda tayala!"

"Pondanitu!"

"Ndi mwendo wotupawu!"

Ndinayesa kuponda tayala la kutsogolo ndi nsapato yanga ya pa Sabata, nsapato inauluka n'kukagwa pa denga la anthu. Apo a Yotamu anataya mtima. Anayamba kupemphera mokuwa, ndi mawu awo a ng'oma aja, akuulula machimo mudzi wonse ukumva. "Ambuye, malire a munda wa alamu anga ndinasuntha ndine! Fodya wa chaka chatha ndinamuwaza madzi kuti alemere! Nkhuku ya abusa ija sinafe ndi chitopa!" Koma chitini sanachisiye, ndiwayamikire pamenepo. Anachigwira ngati mwana wakhanda.

Ine chiyembekezo changa chinali mulu wa makoko uja. Tikulowa pabwalo, ndinaona phulusa lokhalokha. Anali atautentha, ati unakhudzidwa ndi mankhwala. Tinadutsa pakati pa nkhokwe ndi khola, tinaboola mpanda wa udzu, n'kukalowa m'dimba la mpiru kuseri, lomwe anali atangothirira m'mawa. Tayala la kutsogolo linamira m'matope n'kuima. Njinga inaima, ife sitinaime. Zimenezo mudzaphunzira mutu wotsatira.

Nditatsegula maso ndinali chagada pakati pa mpiru, a Yotamu ali pamwamba panga. Anthu anafika akuthamanga, amayi atayamba kale maliro. A Yotamu anadzuka, n'kuyamba kundithamangitsa ndi chibonga cha mpanda, akukuwa, "Mufuna kundipha, munthu wa ku Ntcheu inu!" Tinazungulira chitsime. Kenaka anaima okha, n'kuyang'ana pansi. Anali akuthamanga ndi miyendo yonse iwiri.

Chotupa chija chinali chithupsa, ndipo chinaphulika pogwa paja. Mkazi wawo atafinya, munatuluka kachitsotso ka mtengo, kamene kanawabaya pokonza chigafa masiku a m'mbuyo iwo osalabadira. Ndinakatola ndi tsamba, ndikuonetsa aliyense. "Onani, anthuni, ndi kamtengo chabe!" Ha! Nthungululu zinali zitayamba kale. "Wachotsa yekha! Mphunzitsi wachotsa mankhwala ake! Koma ndiye ndi wokhwima!"

Ndinawagwira dzanja a Yotamu, tonse matope okhaokha, ine nsapato imodzi, n'kukwera nawo mtsetse. Pambali pa madontho anga akale panali mzere watsopano, wa oyilo wawo, wa m'chitini chawo. Kumtunda pafupipafupi, pakati kutambasuka, pa mango kulumpha. Anayang'ana nthawi yaitali, akuyeza ndi ndodo yawo. Kenaka anatembenukira anthu. "Ndi za kusukulu," anatero. "Chinkhoswe chichitike Loweruka. Koma mkamwiniyo abwere wapansi. Njinga ya banja limeneli ndisaionenso pakhomo panga."

Limbani tsiku limenelo anadya mbale ziwiri. Ndipo pa ukwati, pamene akwati ena onse a m'deralo ankanyamulidwa pa njinga zokongoletsa ndi maluwa a mapepala, bambo anu anayenda wapansi ndi suti yobwereka, fumbi mpaka m'mawondo, akumwetulira ngati wapambana chisankho.

Za malire a munda zija zinawatengera a Yotamu mbuzi, ndipo abusa anawayang'ana mwachilendo kwa nthawi ndithu. Koma Fomu 3 ya chaka chimenecho sinajambulenso phiri. Tabwera nalo bukulo, Tadala. Uwu mzere wowongoka wokwerawu, pa galafu ya liwiro ndi nthawi, ndi ife awiri pa mtsetse: sekondi iliyonse liwiro likuwonjezeka mofanana, agogo ako akuulula tchimo limodzi. Kupendekeka kwa mzerewu ndiye akiselereshoni. Apa pamene wagwa mwadzidzidzi mpaka pansipa ndi m'dimba la mpiru. Malo onse ali kunsi kwa mzerewu ukawawerengera, upeza mtunda wochokera kusukulu kukafika m'matope. Winayu wokhota ngati njokayu ndi wa mtunda ndi nthawi, akukhota chifukwa mipata ya madontho ikukula. Waona? Si chithunzi cha msewu ayi. Msewu unkatsika, mzere ukukwera.

Anthu sanasiye kundiopa. Mpaka ndinapuma ntchito, ankabwera m'mawa ndi nkhuku kukhwapa, wina bondo, wina msana, ati aphunzitsi mutijambulireko kanjoka kaja. Ndinkawathamangitsira kuchipatala cha pa Boma, agogo anuwa akudandaula nkhuku. Ndipo chitini changa choyamba chija, cha kansanza kofiira, a Yotamu sanachitaye. Anachipachika pa khomo la chigafa. Ndikawafunsa ankati, "Asewere, n'chokumbukira chabe." Koma midzi yonse yozungulira inkalira ndi akuba a fodya, kwa a Yotamu kokha sikunasowepo ndi tsamba limodzi.

Tinakhala pa chisewere zaka zambiri, ine ndi munthu ameneyo, tikukangana za mvula, za zipani ndi za mpira. Ndinamukonda kuposa abale anga ena a magazi. Chaka chimene anadwala matenda awo omaliza, ndinapita kukawaona masana ena. Anali atawagoneka pa mphasa pakhonde, chimunthu chija chitatha, mawu a ng'oma atasanduka kamphepo. Inu munali pabwalo, iwe Tadala ukuthamangitsa anapiye, Yamikani akusewera pambali pa mayi ake, bambo anu akukonza mpanda womwe uja. Anandikodola kuti ndisendere pafupi.

"Asewere, tatsala awiri, palibe akumva. Ine ndikupita. Tandiuzani zoona tsopano. M'chitini muja munaikamo chiyani?"

Ana inu, ine moyo wanga wonse sindinanamizepo munthu pa za sayansi. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti oyilo wa kuchigayo, monga ndinkanenera zaka zonsezo. Koma ndinaona mmene ankandiyang'anira, ndipo ndinawerama n'kuwanong'oneza.

"Anali mankhwala a ukwati, asewere. Omangira ana athu."

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pabwalo pomwe panali inu. Anaseka kopanda mawu mpaka misozi, n'kundifinya dzanja.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Koma ndiye anagwiratu."